Goli la thupi ndi mtima

Ife a ku Angónia goli timalidziwa. Ng'ombe ziwiri zikamangidwa pamodzi, ina n'kumakokera kum'mawa ina kumadzulo, ngolo siifika kumunda. Liwu lakuti yoga ndi la ku India, ndipo m'cinenero ca Sanskrit tsinde lake ndi yuj, kutanthauza kumanga goli. Kwa ine ng'ombe ziwirizo ndi thupi ndi maganizo.

Ndine mphunzitsi ku Ulongwe. Pakhomo ndimalera ana asanu, atatu anga, awiri a malemu acimwene. Yoga adandionetsa ndi mnzanga wa kunchito amene adaiphunzira ku Maputo. Sindidagule kanthu. Ndimayala mphasa m'bandakuca, ana asanadzuke, n'kukhala mphindi 20.

Ambiri amayesa yoga ndi kupinda thupi basi. Koma Patanjali, mlembi wakale wa buku la Yoga Sutra, adaigawa magawo 8. Awiri oyamba ndi a khalidwe: kusapweteka camoyo, kunena zoona, kukhutira ndi zimene uli nazo. Kakhalidwe ka thupi, asana, ndi gawo lacitatu. Lacinayi, pranayama, ndi kuwongolera mpweya. Otsalawo amalowetsa munthu m'kati mwake.

Ine cidandigwira ndi mpweya. Cinyanja cathu cili ndi liwu limodzi, kupuma, la kukoka mpweya ndi la kuleka nchito. Ndikakhala pamphasa ndimawerenga mpaka 4 pokoka, mpaka 6 potulutsa. Ndisanapume kakhumi maganizo athawa kale: apita ku mtengo wa feteleza, ku ngongole, ku mawu amene wina adandilankhula dzana. Nchito yake ndi kuzindikira kuti athawa, n'kuwabweza osawakalipira, monga mbusa abweza mwana wa ng'ombe.

Pang'onopang'ono ndidazindikira kuti mkwiyo suyambira pakamwa. Umayamba wafika m'nsagwada, mapewa n'kukwera, mpweya n'kufupika. Amene wazidziwa zizindikirozi ali ndi kamphindi kosankha mawu.

Kamphindi kameneko ndidakafuna usiku wina, mwana wamkulu wa acimwene atandiuza kuti sukulu waisiya, apita ku Moatize kukafuna ganyu. Nsagwada zidauma. Ndidapuma katatu, ndipo ndidamufunsa: “Mwanawe, cakuvuta n'ciyani?” Adakhala cete nthawi yaitali, kenaka adati: “Bambo, ndikuona ngati ndikukulemetsani.” Mwana wamasiye amamva mawu aukali kawiri, ndi khutu ndi bala. Ndikadakalipa, akadakwera galimoto m'mawa mwake ali wotsimikiza kuti adaganiza bwino. Tidaceza mpaka moto udazima, ndipo Lolemba adapita kusukulu.

Abale ena mumpingo amandifunsa ngati uku si kupembedza milungu yacilendo. Funsoli ndi labwino, ndipo sindibisa: mizu ya yoga ili m'zipembedzo za ku India. Ngakhale bungwe la Nações Unidas mu 2014 lidasankha 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse, aliyense ayenera kuyeza yekha ndi cikumbumtima cake. Ine ndidatengako kupuma ndi kudziyang'ana, mapemphero anga ndi omwe aja.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono yovuta kuiona maso ndi mtima wa mwini wake. Umabisala ukamva phokoso, umatuluka munthu akakhala cete.