Makina Amene Ndinagula ku Joni

Ambiri a inu amene mumadutsa pakhomo panga popita ku msika wa pa Milange mwakhala mukufunsa za kamakina kamene kamalira kuseri kwa nyumba. Ena mwamva kuti ndinakagula ndi ndalama za malata. Mwamva zoona, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakulire m'kamwa mwa ena.

Makinawa amisiri a kuno amawatcha torno, pamene a ku Malawi amati lathe. Chitsulo chimamangidwa m'kamwa mwake mwa mano atatu, mota n'kumachizunguza, ndipo mmisiri amasendeza kampeni kolimba pang'onopang'ono kusenda chitsulocho mpaka chifike pa muyeso umene akufuna. Ndinawaona koyamba ndili mnyamata wa zaka 14. Nkhondo itafika pa Milange mu 1986 tinathawira ku Muloza, tsidya la Malawi, ndipo ine ndinkagulitsa nkhuni pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Ndikagulitsa sindinkabwerera msanga. Ndinkaima pa zenera la nyumba ya amakanika kuyang'ana mkulu wina akusenda mkuwa, tizidutswa tikugwa pansi topotanapotana ngati tsitsi la khanda. Mtendere wa 1992 utabwera tinabwerera kwathu, ndinaphunzira kukonza njinga, ndinakwatira, ana anakula, koma zenera lija silinachoke m'maso mwanga.

Mu 2019 ndinapita ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, kukaona mwana wanga wachisamba amene ankadwala. Mayi a kunyumba anandipatsa ndalama za nandolo wa chaka chimenecho, zimene tinasungira malata, kuti zithandize ngati matenda akula. Mwanayo anachira ndalamazo zisanakhudzidwe. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anandiperekeza kwa mkulu wina wopuma ntchito amene ankagulitsa zipangizo zake, ndipo pangodya ya galaja panali torno yaing'ono, yotalika ngati mkono wanga kuchokera paphewa, yolemera makilogalamu 40 kapena kupitirirako pang'ono. Mwana wanga anati, “Bambo, mwawafunsa amayi?” Ndinamuyankha kuti makinawo adzabweza ndalama zake pa miyezi itatu, popeza pa Milange njinga zonyamula chimanga ndi nandolo kupita kumalire n'zosawerengeka. Ndinalankhula ngati munthu wa malonda, koma amene anatulutsa ndalama m'thumba anali mnyamata wa pa zenera uja.

Za ulendo sindichulukitsa. Basi ya ku Blantyre imadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete ndi pa Zóbuè, kotero makinawo analowa m'dziko lathu la Mozambique, natulukanso, nadzalowa kachiwiri pa Muloza. Eni basi anandilipiritsa kulemera kwa katundu, msonkho ndinapereka, ndipo bokosilo linafika pakhomo pa kaliyala wa njinga ndalama za nandolo zitatheratu. Mayi a kunyumba anayang'ana bokosi, anayang'ana denga la udzu, nalowa m'khitchini osanena kanthu.

Vuto lenileni linali mazinga. Ntchito yoyamba inali ya bambo wina wonyamula chimanga, amene chitsulo cha pakati pa gudumu la kumbuyo chinathyoka. Ndinasenda chitsulo chatsopano, ndinadula mazinga ake, chinaoneka bwino kwambiri. Koma nati inalowa katatu kapena kanayi n'kuima. Mwini njinga anaikakamiza ndi sipanala, mazinga anatha, ndipo ndinam'gulira china cha kusitolo ndi ndalama yanga. Ndinayesa kawiri, zinachitika chimodzimodzi.

Amene anandimasulira ndi mmisiri wina wachikulire wa ku Limbe. Njinga zathu zakapalasa zinatengera miyeso ya ku Mangalande, yowerengera mainchi. Chitsulo chija chimakhala ndi mazinga 26 pa inchi imodzi. Makina anga ndi a mamilimita, ndipo ine ndinkadula zinga limodzi pa milimita imodzi. Inchi ndi mamilimita 25.4, kotero ine ndinkaika mazinga 25 ndi kachigawo pamene pafunika 26. Diso silingaone kusiyana kumeneku, koma zinga lililonse limaonjezera kachilema kake, ndipo pofika lachinayi nati imakana. Kuti makina asinthe muyeso pamafunika kusintha magiya a kumbuyo kwake, timagudumu ta mano osiyanasiyana timene timagulitsidwa pamodzi ndi makinawo m'kathumba. Pa makina akuluakulu pamakhala giya ya mano 127, chifukwa 127 ndi 25.4 kasanu, pa aang'ono ngati anga giya yotere sikwana, ndiye amaphatikiza timagiya tina toyandikira muyesowo. “Kathumba ka magiya kali kuti?” anafunsa mkuluyo. Ine ndinali ndisanamvepo kuti kuli kathumba. Pa galaja paja ndinafunsa mtengo wokha, ndinamvetsera kulira kwa mota, basi. Ndikanagula ku Limbe ndikanakwera minibasi m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma wogulitsa anali kuseri kwa malire anayi, ndipo pamene mwana wanga anapitanso kumeneko anapeza nyumba ili ndi eni ake ena.

Kenaka matenda a korona anatseka malire mu 2020. Magiya anapezeka m'sitolo ina ku Johannesburg, koma anafika kuno pa Khirisimasi ya 2021, m'chikwama cha mnansi wochokera ku Joni, atakulungidwa m'masokosi. Mvula ya zaka ziwiri zimenezo inatipeza pansi pa udzu, ndipo usiku wina ndinadzuka kukafunditsa makina pulasitiki imene inali pamwamba pa thumba la ufa. Za m'mawa mwake sindilemba m'kalata ya mpingo.

Lero mazinga a njinga ndimadula bwinobwino, ndipo eni zigayo awiri amabwera ndi tizitsulo tawo tikadyeka. Ndikawerengera moona mtima, makinawa sanabwezebe zonse zimene anadya. Malata tinakhoma mu 2023, ndi ndalama za nandolo wina, zimene mayi a kunyumba anakagulira okha ine nditatsala pakhomo. Mwezi wathawu chogwirira cha mpoto wawo waukulu chinaguluka, ndipo anabwera nacho kuseri, nachiika pa benchi pafupi ndi torno, nati, “Bambo, onani ngati malata anu aja angakonze ichi.”