Khofi wa ku Ntchisi pa Phale la ku Nsaru

Amayi anzanga, kuno kwathu ku Nsaru, ku Kabudula mpaka ku Nambuma, mlendo timamlandira ndi thobwa kapena tiyi. Khofi amene ambirife timamdziwa ndi wa m'chitini uja wosungunuka m'madzi. Koma tsiku lina mwana wanga wa ku tauni anandibweretsera kamphika kachitsulo ka ku Italy, kophikira khofi wakuda bii wonga amene m'mahotela amamutcha espresso, nati, "Amayi, khofi wokoma ndi amene mwakazinga nokha." Ine ndinaseka. Kodi alipo mayi wa kuno amene sadziwa kukazinga mtedza pa phale?

Chovuta chinali kupeza khofi wosakazingayo. Dera lathu ndi chigwa cha fodya, mtedza, soya ndi chimanga, pamene khofi wa Arabica amene amalimidwa m'Malawi amakonda mapiri ozizira. Poyamba tinagula kathumba kwa wogulitsa wina pa msika wa mu mzinda, ndi ndalama za gulu lathu la amayi. Titamasula kunyumba, fungo la chuku linatilonjera, ndipo njere zambiri zinali zakuda ndi zoboola tizilombo. Ndalama za anzanga zinapita, ndipo manyazi anagwira ine amene ndinatsogolera.

Choncho mwezi wa Julaye, nthawi yothyola khofi, tinanyamuka amayi atatu kudzera ku Mponela kulowera ku Ntchisi. Mukayamba kukwera zitunda mphepo imasintha, chitenje chimodzi sichikwanira. Kufupi ndi nkhalango ya phiri la Ntchisi, kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa kukwera, tinapeza mitengo ya khofi ili pa mthunzi, amayi akuthyola zipatso zofiira zokhazokha, kusiya zobiriwira kuti adzabwerere tsiku lina. Ndinaima n'kumayang'ana zala zawo; ntchito imeneyi si ya munthu wothamanga mtima.

Mbewuyi si yachilendo m'dziko muno. Jonathan Duncan, wosamala dimba la Mishoni ya Blantyre, anabwera ndi mbande kuchokera ku Edinburgh m'chaka cha 1878. Alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya ndi madera ena ankagulitsa kudzera ku bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority, ndipo mu 2007 makopaletivi awo anapanga mgwirizano wa Mzuzu Coffee. A ku Ntchisi nawonso analowamo.

Tsono mvetsani chimene tinaphunzira. Khofi wabwino amakonzedwa tsiku lomwelo wathyoledwa: amachotsa khungu lofiira, kumuvundika kuti thelelezi lichoke, kumutsuka, n'kumuyanika pa mathandala osagunda pansi. Akauma amakhala m'kakhoko koyera, ndipo akamukonola m'pamene imatuluka njere yobiriwira motuwa. Imeneyo ndiyo mukufuna. Isankheni monga musankhira mtedza wa Chalimbana wa mbewu. Tapani dzanja limodzi, muone ngati njere zili zofanana kukula, pakuti zazing'ono zimapserera zazikulu zisanapse. Nunkhizani: izimveka ngati udzu wouma, osati chuku kapena thumba lonyowa. Lumani imodzi, youma bwino imalimba gwa, koma yofewa ili ndi madzi ndipo idzaola. Akatswiri amati chinyezi chikhale magawo 10 mpaka 12 pa 100 alionse. Funsaninso chaka chimene anakolola, chifukwa khofi wogonera amayera n'kutha kukoma. Ine ndikuti yambirani kufunsa ku kopaletivi, kumene amadziwa mlimi ndi munda. Wa m'mbali mwa msewu nthawi zina ndi amene anakanidwa.

Mukafika naye kwanu, musamuike m'nyumba imene muli fodya, usipa kapena palafini. Khofi amakoka fungo. Ife a kuno, kumene fodya amagona ndi anthu m'nyumba, tisamale pamenepa.

Kukazinga kwake, ikani phale pa makala osalilima, thirani pang'ono, ndipo vundulani osaleka kwa mphindi 12 kapena 15. Njere zimasanduka zachikasu, kenaka zofiirira, kenaka mumamva zikuthetheka ngati mbuliwuli. Wa kamphika kaja mumusiye pang'ono kupitirira pamenepo, koma muphule asanayambe kunyezimira mafuta. Pepetani msanga pa lichero kuti azizire ndi kuchotsa mankhusu. Musadabwe akapepuka: kilogalamu imodzi imatsala pafupifupi magalamu 850. Mumsunge masiku atatu m'botolo lotseka, ndipo muzisinja wokwanira tsiku limenelo basi, mu kamtondo kosasinjiramo nsinjiro, n'kusefa.

Phale loyamba ndinapsereza, ndisaname, mpaka bambo a kunyumba anafunsa ngati denga lagwira moto. Lachitatu ndilo tinamwa pa msonkhano wa gulu, ndipo mayi amene anandidzudzula kwambiri za kathumba kachuku kaja anapempha kapu yachiwiri, ati ndimuonjezere shuga.