Beseni la tsiku la manganje

Mu Janyuwale 2023 mwana wa mlongo wanga anaturuka ku jando, ndipo nchito ya phwando inagwera ine malume wake. Kolera inali itafika kale. Ku Malawi inayambira ku Machinga mu Malici 2022, tsidya la nyanja ya Chiuta kumene kuli theka la abale athu. Kuno ku Niassa inaonekera ku Lago mu Seputembala. Anamwino ankati tipewe kudyera pagulu. Koma ndani kuno ku Amaramba angauze mwana amene watha mwezi kuthengo kuti alowe m'mudzi mwakacetecete ngati wakuba nkhuku?

Tsikulo ndi la zobvala. Anamwali amabwera ndi mikanda m'khosi, nkhope zili m'nsalu, ndipo mai sangaone mwana wake asanaponye ndalama. Obvina manganje ena amadzipaka phulusa, ena abvala masaka ong'ambika mpaka kumutu. Caka ca korona tinkaseka kuti awa anayamba kuphimba kumaso boma lisanalamule. Koma kolera saiphimbira nkhope. Imalowera kukamwa, m'madzi ndi m'cakudya.

Ine sindinaope ng'oma. Ndinaopa beseni. Mukulidziwa: amayamba kusamba akuluakulu, ana n'kumalizira madzi atasanduka ngati phala. Ndinagula Certeza ndi sopo, tinathira mankhwalawo m'ndowa zonse n'kudikira mphindi 30. Atsikana awiri ndinawapatsa jagi kuti azithirira munthu aliyense m'manja. Thobwa tinati aliyense amwere m'kapu yake, wotunga akhale mmodzi. Nsima ndi cambo zituruke zikufuka nthunzi. Zozizira zibwerere pamoto.

Zonse zinayenda mpaka jagi itafika kwa agogo, akulu a banja lathu. Anabisa manja m'khwapa.

“Iwe, wationa ife auve? Beseni lija tasambamo usanabadwe.”

Pabwalo panati zii. Ndinalanda jagi kwa mtsikana uja, ndinagwada ndekha.

“Agogo, pepani. Lero musawerame ai. Madzi akutsateni inu, ndithire ine mdzukulu wanu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatambasula manja, uku akung'ung'udza kuti ana a sukulu atha mudzi. Onse anatsatira. Koma azakhali amene anacokera ku Nayuchi anakana kapu yawoyawo, anati tawasala cifukwa abwera kucokera ku Malawi. Ananyamuka osadya, ndipo mau awo amandiwawabe, pakuti m'mtima mwanga munalidi kamantha kotero.

Mphwanga anabvundukulidwa dzuwa litapendeka, atanenepa ndi dzina latsopano, mai ake akulira ndi kuseka pamodzi. Anthu anabvina mpaka usiku. Ine ndinagona ndi lita ya madzi owiritsa pamutu pa mphasa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mcere nditayezeratu, makutu ali kunjira ya kucimbudzi. Ndinatero masiku asanu.