Nkhungu za m'Nyimbo ya Agogo

Nyimbo yotonthozera mwana ili ndi omvera awiri. Woyamba ndi khanda lili kumbuyo, limene limamva kukoma kwa liwu ndi kugunda kwa chikhatho pa mbereko, koma mawu silingawazindikire. Wachiwiri ndi woimba mwini. Mawu onse amabwerera kwa iye, ndipo n'chifukwa chake alezi amabisamo madandaulo amene sangawatchule masana pamaso pa akuluakulu.

Nyimbo imene ndikufuna kusanthula pano idapekedwa ndi agogo anga aakazi. Iwo adachoka ku Nkhotakota m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito pa mgodi wa golide wa Dalny ku Chakari. Matauni oyandikana ndi mgodiwo, Kadoma ndi Chegutu, nthawiyo ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Ntchito itatha, mfumu ina ya mudzi idawapatsa malo ku Mhondoro, kufupi ndi Mubaira, ndipo kumeneko ndiko adatiberekera kumbuyo ife adzukulu. Nyimbo yawo ndi yaifupi, yomangidwa pa zithunzi zitatu: bwato, nkhungu ndi nkhwazi.

Ndime yoyamba imauza mwana kuti mayi wake wakwera bwato kupita kutsidya, ndipo abwera nsima isanazizire. Komatu ku Mubaira kulibe nyanja. Mayi wa mwanayo amakhala ali kumunda kapena kumjigo, pamtunda wouma wa Mhondoro. Nanga bwatoli likuchokera kuti? Tikafunsa kuti adawoloka ndani, yankho ndi agogo eni ake. Iwo ndiwo adachoka kwawo atalonjeza kubwera msanga, nasanduka mtchona. Wodikira weniweni m'ndimeyi ndi mayi wawo, amene adatsala m'mphepete mwa nyanja akuwerenga miyezi. Lonjezo limene agogo sadathe kulisunga ankalibwereza usiku ndi usiku m'khutu mwa mwana wosadziwa kanthu.

Ndime yachiwiri imafotokoza chifukwa chimene mwanayo sakuonera bwatolo: labisika kuseri kwa nkhungu. Ife obadwira kuno tinkaganiza za nkhungu ya m'mawa wa mu June, yoyera ndi yozizira, imene imagona m'madambo. Munthu wa ku Nkhotakota amamva zina. Kwa iye nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatuluka m'nyanja ya Malawi unyinji wake ngati utsi wa moto wolusa, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatigwira m'madengu, kutiumba ndi kutisandutsa ndiwo. Kusiyana kwa matanthauzo awiriwa n'kwakukulu. Nkhungu ya m'dambo imabisa kenako n'kuzimirira, osasiya kanthu. Nkhungu za panyanja zimabisa koma zimadyetsa. Agogo ankanena kuti chimene chabisa mayi ndicho chidzakhutitse mwana, monga momwe ulendo wa kumigodi udalekanitsira mabanja pofuna kuwadyetsa. Ife tinkamva kuzizira kokha. Utali wa pakati pa Nkhotakota ndi Mubaira ndimauyezera pa liwu limodzi limeneli.

Ndime yomaliza ndi ya nkhwazi, imene imauluka kutali koma dzuwa likamalowa imabwerera pamtengo wake. Akale adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo poyamba ndimeyi imamveka ngati ikunena zomwezo. Koma nkhwazi ndi mbalame ya maiko onse awiri. Ili pa chidindo cha dziko la Malawi, ndipo Ashona amaitchula hungwe. Ambiri amati mbalame yosemedwa pamwala ya ku Great Zimbabwe, imene ili pa mbendera, ndi hungwe kapena chapungu. Nyimboyo sitchula kumene mtengowo uli, ndipo ndikhulupirira kuti agogo adasiya dala.

Funso la mtengo limeneli lidafika mpaka m'malamulo. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kudasiya ana ambiri a machona, obadwira m'migodi ndi m'mafamu, akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene mitchombo yawo idakwiriridwa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo adatsegula njira ya unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, naikanso Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Lero asuweni anga amaimbabe nyimboyi, lilime lawo litapendekera ku Chishona. Liwu lakuti bwato ena adalisintha, nkhwazi idasanduka hungwe, koma nkhungu idatsala momwe idalili, poti palibe adapeza liwu lina lokwana pamalopo. Khanda limagona ndithu. Likadzakula n'kufunsa kuti nkhungu n'chiyani, pafunika padzapezeke munthu pakhomopo wodziwa kuti zimadyedwa.