Buku la Pansi pa Kauntala

Ndinayamba kugwira ndalama za munthu wina m'chaka cha 1968, m'sitolo ya Mmwenye pamsika wa kwathu m'boma la Ntcheu. Ntchito yanga inali kusesa, kuyeza mchere pasikelo ndi kuthira parafini m'mabotolo. Bwana ataona kuti masamu sandivuta, anatulutsa buku lachikuto cholimba lomwe linkakhala pansi pa kauntala. Iye anali ndi lakelake lomwe ankalemba m'Chigujarati, koma ili anati ndizilemba ine: tsamba la kumanzere ndalama zolowa, la kumanja zotuluka.

Masamu a nthawi imeneyo anali ofuna mutu. Makobiri 12 ankapanga shereni imodzi, mashereni 20 n'kupanga paundi. Madzulo tikatseka chitseko tinkayatsa nyali, n'kukhuthula dilowa yonse pathebulo. Ndalama zikasiyana ndi buku, ngakhale ndi tiki yokha, panalibe wopita kukadya nsima kufikira tikiyo itapezeka.

Chimene chinkandidabwitsa ndi ichi: mayi wa m'nyumbamo akafuna shuga wa tiyi, ankatuma mwana kusitolo, ndipo bwana ankapisa m'thumba, kulipira, n'kundiuza kuti ndilembe. Mumtima ndinkaseka. Munthu n'kumagula shuga wake yemwe? Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa. Anandiyankha m'Chichewa chake chopotokacho kuti shugayo si wake, ndi wa sitolo, ndipo iye ndi wantchito wa sitoloyo monga ine ndemwe.

Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, shereni n'kukhala 10 tambala. Tinachezera usiku kusintha mitengo ya nsalu, makasu ndi mabulangete. Agogo ena anakangana nane tsiku lonse, amvekere: "Shereni inali makobiri 12, lero mwati 10. Awiriwo wadya ndani?" Ndinawafotokozera mpaka malovu kuuma, koma anachoka akupukusa mutu.

M'zaka zomwezo boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye achoke m'misika ya kumidzi kuti malonda akhale m'manja mwa Amalawi. Pofika 1978 anali atasamukira ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Sitolo yathu anaigula amalume anga, omwe anali atabwera ndi kandalama kuchokera kumigodi ya ku Joni. Mudzi wonse unavina. Katundu tinkakapikula ku Chipiku, mashelefu n'kudzaza mpaka kudenga. Ine ananditenga kuti ndikhale kalaliki wawo.

Mwezi woyamba womwe, mavuto anayamba kuonekera m'buku. Amalume ankatsegula dilowa nthawi iliyonse: lero ya maliro, mawa ya fizi ya mwana wa mlongo wawo, mkuja ya ganyu kumunda. Achibale ankabwera ndi mawu amodzi omwewo: "Ingolembani, tidzapereka tikagulitsa ku ADMARC." Ena sankafuna n'komwe kulembedwa, ati kulemba mbale wako m'buku n'kumuyesa wakuba. Ndikati ndilankhule, amalume ankandidula.

"Mwana iwe, sitoloyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, amalume."

"Nanga ndikatenga changa ndaba?"

Ndinkangoti chete. Kwathu mwana wa mlongo satsutsana ndi malume ake pagulu. Komanso sindinganene kuti amalume ankamwaza ndalama m'zachabe. Sankamwa mowa. Ankachita zimene munthu wopeza bwino amayenera kuchita pamudzi. Chomwe sankadziwa n'chakuti ndalama ya m'dilowa ili pawiri: pali mpamba, pali phindu. Phindu ukhoza kudya ndi abale ako. Mpamba uli ngati mbewu ya kudenga, ukaikazinga m'nyengo ya njala, mvula ikagwa udzagwira khasu lopanda chodzala. Ine pofooka ndinaleka kulemba, buku n'kumangotuwa ndi fumbi.

Anatidzutsa ndi munthu wa msonkho. Anafika ndi chikwama chake, napempha mabuku. Tinamupatsa buku lolekezera pakati. Anayang'ana mashelefu, anayang'ana malata atsopano panyumba ya amalume, n'kulemba chiwerengero cha m'mutu mwake. Msonkho umene anatitchula unali wa sitolo yopindula, pamene yathu inali ikumira. Amalume anadandaula kuti chaka chimenecho sanapeze kanthu. Iye anangoti: "Bambo, ndionetseni pamene palembedwa." Panalibe. Usiku umenewo ndinamva amalume akuusa moyo, amvekere mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Masitolo ambiri amene Amwenye anasiya anatha motero. Ena anasanduka nyumba zogona, ena mosungira fodya, ena mileme inalowamo. Anthu ankati Amwenye anapita ndi mankhwala awo a bizinesi. Ine amene ndinakhala nawo zaka khumi mankhwalawo ndinawaona: anali buku lija ndi shuga wogula yekha uja.

Yathu inapulumukira pakamwa pa ng'ona. Kunali bungwe la DEMATT, lomwe linakhazikitsidwa mu 1979 kuti lizilangiza amalonda achimalawi. Mlangizi wake anabwera kangapo, n'kukhala nafe pabenchi kuseri kwa sitolo. Zimene ananena sizinasiyane ndi zimene ine ndinkanena, koma mawu a mlendo wovala tayi amalowa pamene a mwana wa pakhomo salowa. Anatiuza tiwerenge katundu yense mwezi ndi mwezi, tisunge malisiti a kopikula pa msomali, ndipo ngongole ikhale ndi buku lake, dzina ndi tsiku lobweza. Chachikulu, anati amalume azilandira malipiro pakutha pa mwezi ngati wantchito. Za maliro ndi za fizi zizichokera m'malipiromo. Akatha, atha.

Abale anang'ung'udza, ena mpaka kuleka kutipatsa moni. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Patapita nthawi anabwerera, ndalama ili m'manja. Chaka chotsatira wa msonkho atabwera, tinamuyalira mabuku pakauntala, ndipo tinalipira zogwirizana ndi phindu lenileni. Sindidzaiwala tsiku limene ndinaona amalume akupisa m'thumba la jekete, kutulutsa matambala, n'kugula machesi m'sitolo yawo yomwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Lemba."

Lero zinthu zinasintha. Kuyambira 2000 msonkho amatolera ndi a MRA, wamalonda amakhala ndi nambala yake ya msonkho, ndipo pambuyo pake m'malo mwa surtax kunabwera VAT. Mdzukulu wanga ali ndi golosale ku Lilongwe, ndipo ambiri amamulipira pa Airtel Money ndi Mpamba. Amati buku n'lachikale, foni imasunga zonse. Nditapita kukamuona ndinakhala pampando kuseri kwa kauntala, ndikungopenya. Dzuwa lisanapendeke anali atatumizira mayi ake ya chigayo, mlamu wake ya minibasi, zonse kuchokera mufoni ya golosale yomweyo. Foni inasunga zonsezo ndithu, koma siinamufunse kanthu. Ndinamuitana.

"Mdzukulu wanga, golosaleyi imakulipira zingati pamwezi?"

Anaseka. "Agogo, inuyo! Golosaleyi si ndi yanga?"

Ndinamutuma akandigulire kope ndi cholembera, ndipo ndinamuuza kuti ndalama yake aitenge m'thumba mwake.