Mwana amene sanalire

Amayi anga anali mzamba wa komboni yonse pa famu ya fodya ndi thonje pomwe ndinabadwira, kufupi ndi mtsinje wa Mazowe m'boma la Shamva ku Zimbabwe. Palibe anawalemba ntchitoyo. Anachoka ku Dedza kutsatira abambo amene anadzasaka ganyu kuno, ndipo poti agogo anali mzamba kumudzi, akazi a m'komboni, Achewa, Ayao ndi Asena, ankagogoda pa chitseko chathu usiku. Malipiro ake anali nkhuku kapena sopo.

Mu 1979 ndinali ndi zaka 11. Nkhondo yomenyera ufulu inali itafika pachimake, ndipo dzuwa likalowa munthu sankayenda, ngakhale thirakitala ya bwana sinkatuluka. Usiku wina anatiitana ku nyumba ya mlonda. Mtsikana wosavinidwa salowa m'chikuta, choncho ntchito yanga inali kuphitsa madzi panja, koma khoma linali ndi mng'alu ndipo ndinasuzumira. Mwana anatuluka ali lobodo, osalira. Amayi anamugwira miyendo mutu pansi, namumenya kumatako. Anamuwaza madzi ozizira. Mayi wina anaimba khasu ndi mwala pafupi ndi khutu lake. Kenaka amayi anamukulunga m'chitenje nanena motsitsa mawu kuti, "Ndi mtayo."

Mtayo salira maliro, ndipo sapatsidwa dzina. Mbandakucha azimayi akuluakulu okha anakamuika m'mbali mwa dambo, amuna napita kukathyola fodya monga mwa masiku onse.

Ufulu utabwera mu 1980, zinthu zinayamba kusuntha. Mu 1981 m'boma loyandikana nalo la Bindura munayambika ndondomeko yophunzitsa mayi mmodzi wa pa famu kuti aziyang'anira zaumoyo m'komboni, ndipo itafalikira ine ndinalowa nawo. Anatiphunzitsa kuyeza ana pasikelo, kukumbitsa zimbudzi, ndi madzi a mwana wotsekula m'mimba: botolo la Mazoe la mamililita 750, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Madzi amenewo anapulumutsa ana ambiri, ndipo anatigwiranso dzanja pa kolera wa 2008. Koma za munthu amene wasiya kupuma sanatiuze kanthu.

Ngakhale ku sukulu ya unamwino, kumene ndinapita pambuyo pake, nkhaniyi tinkaiwerenga m'buku ndi kuionera kumbuyo kwa asisitala. Kutsitsimutsa wodwala inali ntchito ya dokotala ndi wogonetsa anthu ku opaleshoni, ntchito ya zipatala zazikulu ngati Parirenyatwa ku Harare, makilomita pafupifupi 90 kuchokera kwathu. Ife a m'makiliniki tinaloweza liwu limodzi: tumizani. Tsiku loyamba kugwira kathumba kopopera mpweya ndinakagwira pa mwana weniweni, ndili ndekha, manja akunjenjemera. Chovindikira pankhope sindinachikhazike bwino, mpweya unkathawira m'mbali, ndipo sindinadziwe chifukwa chake chifuwa sichinkakwera.

Ndinadzadziwa ndili kale ndi imvi. Mu 2010 bungwe la madokotala a ana ku America, pamodzi ndi WHO ndi ena, anayambitsa maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, ndipo patapita zaka zochepa anatifika. Tinapita ku Bindura tikuganiza kuti ndi msonkhano wina wa zolembalemba ndi tiyi. Tinapeza matebulo opanda mabuku, pa tebulo lililonse pali chidole chakuda chotchedwa NeoNatalie. Chidolecho amachithira madzi ofunda kuti chilemere ngati khanda, ndipo mphunzitsi amafinya kampira kobisika kuti mchombo ugunde kapena uleke. Tinaseka poyamba, azimayi akuluakulu kusewera ndi chidole. Kuseka kunatha mphunzitsi atatulutsa wotchi.

Phunziro lonse lagona pa mphindi yoyamba. Mwa ana khumi obadwa, pafupifupi mmodzi amafuna thandizo kuti ayambe kupuma, ndipo ambiri mwa iwo mtima umakhala ukugunda. Umamupukuta ndi nsalu youma mwamphamvu, kumusisita msana, kuchotsa zotseka m'kamwa ngati zilipo. Akapanda kulira, mphindi isanathe ukhale utayamba kumupopera mpweya, maulendo 40 pa mphindi, mutu utawongoka pang'ono, maso ako ali pachifuwa. Chifuwa chikapanda kukwera, konza chovindikira, konza mutu, yambanso. Magetsi safunika, ngakhale botolo la okosijeni. Mpweya womwe tikupumawu ndi wokwanira kuyambira. Kumutembenuza mutu pansi, kumumenya, madzi ozizira, zonsezo zimangodya nthawi, ndipo kuzizira kumamufooketsa. Ku Tanzania, zipatala zimene zinayamba kuphunzitsa motere zinaona imfa za makanda a tsiku loyamba zikutsika ndi 47 pa 100 alionse.

Ndinanyadira kumva kuti nzeru zamtunduwu sizichokera kunja kokha. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga, yotchedwa ETAT, imene WHO inafalitsa mu 2005, inakulira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaonetsa kuti ana amafera pa benchi akudikira nthawi yawo. Masiku ano namwino wophunzitsidwa bwino amayenda pamzere kuyang'ana kapumidwe ka mwana aliyense asanafunse za khadi.

Sindinganene kuti zonse zili bwino. Chichokere 2000 makomboni ambiri anabalalika, thirakitala yomwe inkanyamula odwala kulibe, ndipo ambulansi ukaiitana nthawi zina umayamba wafunsidwa za mafuta. Anamwino amene tinawaphunzitsa bwino, angapo ali ku England. Komanso luso ili limathawa m'manja. Wopita ku maphunziro masiku awiri n'kubwera ndi setifiketi, pakatha miyezi ingapo osagwira kathumba amabwerera pomwe anali. Ine ndinkakana kuti chidole chizitsekeredwa mu kabati kuopa kuti chingang'ambike. Chinkakhala patebulo m'chipinda chochilira, ndipo aliyense wolowa ntchito m'mawa ankayamba wachipopera mphindi imodzi, ngakhale wokolopa.

Loweruka lina ndinachitengera kunyumba. Amayi anali atakalamba, maso akuchita chidima, ali pamphasa kukhonde. Ndinawaika chidolecho pamiyendo.

"Chalemera ngati munthu," anatero. "Iwe, ukuti ameneyu amadzuka?"

Ndinawagwiritsa chovindikira ndi dzanja lamanzere, kathumba kudzanja lamanja. Ulendo woyamba mpweya unathawa. Ndinawakonza zala. Ulendo wachiwiri chifuwa chinakwera, ndipo anachimva ndi chala chawo chaching'ono. Anapopa kanthawi osayankhula.

"Wa kwa mlonda uja," anatero, osandiyang'ana, "mchombo wake unkagunda. Ndinaumva m'dzanja langa."

Sindinawauzepo kuti ndinasuzumira usiku umenewo, ndipo tsikulo sindinawauzenso. Ndinati, "Amayi, kalelo panalibe amene ankadziwa. Ngakhale ife a sukulu."

Sanayankhe. Anapukuta nkhope ya chidolecho ndi nsonga ya chitenje chawo, nakhazikanso chovindikira.

"Tawerenga," anatero. "Ndiyambirenso."