Masiku Atatu M'chipale Chofewa ku Mapiri a Lesotho

Ife a ku Angónia timadziwika kuti ndife anthu a kumalo ozizira. Munthu wa ku Tete akabwera ku Ulongwe m'mwezi wa Juni amafunda mabulangete awiri, ndipo akauzidwa kuti ku Tsangano kumazizira koposa apo amangopukusa mutu. Chisanu timachidziwa, chija chimayeretsa udzu wa kudimba m'bandakucha ndi kuwaula masamba a mbatata. Matalala timawadziwanso, aja amang'amba chimanga m'munda. Koma chipale chofewa ambiri a ife tangochiona pa makalendala ndi pa makadi a Khirisimasi. Ngakhale Buku Lopatulika lakale lija, pamene panafunika kutchula chinthu chimenechi, nthawi zina linabwereka mawu akuti matalala, popeza makolo athu analibe dzina lake. Nchifukwa chake, abale ndi alongo, ndaganiza zokufotokozerani zimene banja langa linaona litakakhala masiku atatu kumene chipale ndi mwini dziko.

Ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Pa 10 Julaye 2023 chipale chinagwa mumzindamo, koyamba chichokere 2012. Chinali chochepa, ndipo chinasungunuka dzuwa lisanapendeke, koma ana athu awiri sanachiiwale. Chaka chonse anatiumiriza kuti tikawaonetse chipale chenicheni. Motero m'nyengo yozizira ya 2024, sukulu zitatsekera, ndiponso amayi anga atabwera kuchokera ku Domwe kudzationa, tinachita lendi kanyumba ka miyala kudera la Oxbow, kumpoto kwa Lesotho.

Lesotho ndi dziko laling'ono lozunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti chigwa chawo chili pamsinkhu wonga wa zitunda za kwathu. Phiri lawo lalitali, Thabana Ntlenyana, limafika mamita 3,482, ndipo palibe lina loliposa kum'mwera konse kwa Africa. Mfumu Moshoeshoe Woyamba anasonkhanitsa mtundu wa Basotho pa phiri la Thaba Bosiu kuyambira mu 1824, ndipo dzikoli linalandira ufulu wodzilamulira mu 1966. Ndalama yawo ndi loti, yomwe mphamvu yake ndi yofanana ndi randi, ndipo randi imalandiridwa paliponse.

Tinanyamuka kusanache, tinadzera ku Bethlehem ndi ku Fouriesburg, ndipo tinalowa pa chipata cha Caledonspoort. Tauni yoyamba ndi Butha-Buthe, pamene tinagula ufa, nyemba, makandulo ndi palafini. Kuchoka pamenepo msewu wa A1 umayamba kukwera. Pa chitunda cha Moteng umakhotakhota ngati njoka mpaka mamita 2,820. Kutsogolo kwake, kupitirira Oxbow, uli ndi chitunda cha Mahlasela pa mamita 3,222. Kuti mumvetse bwino, nsonga ya phiri la Binga, lalitali koposa onse m'Mozambique, ndi mamita 2,436, ndipo Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Kumeneko galimoto imayenda pamwamba poposa nsonga zimenezi.

Mavuto anayambira pa Moteng pomwepo. Mpweya wa kumwamba ndi wopyapyala, ndipo injini inayamba kukoka mofooka ngati ng'ombe yotopa ndi goli. Mapaketi a tchipisi amene ana ananyamula anafufuma, limodzi n'kuphulika, amayi n'kudzidzimuka poyesa kuti tayala lapita. Mwana wamng'ono anachita chizungulire nasanza, ndipo amayi anayamba kudandaula mutu ndi kupuma mobanika. Tinaima kawiri m'mphepete mwa msewu kuti apume ndi kumwa madzi. Titayang'ana uku ndi uku, tinaona kuti mitengo yatha. Kunali udzu wofiirira, miyala yakuda, ndi madzi oundana atalendewera m'matanthwe ngati minyanga.

Kanyumbako kanali kozungulira, ka miyala, kofolera ndi udzu, konga nyumba za makolo athu koma kokhala ndi makoma ochindikala. Chapafupi ankakhala bambo wina wachikulire wosamalira malowo, pamodzi ndi mkazi wake. Anatilandira atafunda bulangete lolemera lomangidwa ndi pini yaikulu paphewa, monga amavalira Basotho. Mkazi wanga amadziwa Chisotho pang'ono, chophunzira kumsika, ndipo ndiye anakhala womasulira wathu. Bamboyo atapatsa moni amayi anawatchula kuti "nkhono", ana n'kugwa ndi phwete. Anatifotokozera kuti m'chinenero chawo mawuwo amatanthauza agogo. Amayi anaseka nawo, nati: "Alekeni, sananame. Mmene ndikuyendera kunoku ndine nkhono ndithu." Kenaka bamboyo analoza mitambo yotuwa imene inali kubwera kuchokera kum'mwera chakumadzulo, natchula mawu amodzi: "Lehloa." Ndilo dzina la chipale kwawoko.

Chinayamba kugwa madzulo omwewo. Chimene chinatidabwitsa ndi bata lake. Mvula imalengeza kubwera kwake ndi mabingu ndi phokoso la padenga, koma chipale chimatsika mwakachetechete ngati thonje lopeperuka. Ana anathamangira panja natambasula manja, ndipo amayi anaima pakhomo nagwira pakamwa. Mdima usanagwe, mapiri, msewu ndi galimoto zonse zinali zoyera. Cha m'ma 9 koloko magetsi anazima, ndipo chotenthetsera m'nyumba chinazizira nawo. Lamya nazo zinasiya kugwira.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kutacha, chipale chinali chofika m'mawondo, ndipo chitseko chinatseguka titachita kukankha awiri. Pampopi sipanatuluke dontho, chifukwa madzi anali ataundana m'mapaipi. Tinadzaza ndowa ndi chipale kuti tisungunule, koma ndowa yodzaza inatipatsa madzi ongokwana m'kapoto kamodzi, pakuti chochuluka m'chipale ndi mpweya. Gasi wa m'botolo ankayaka ndi lawi lofooka chifukwa cha kuzizira. Mkazi wanga anatereka nyemba m'mawa, koma pofika masana zinali zidakali gwa. Pa msinkhu wotere madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri ongopitirira 90 pang'ono m'malo mwa 100, kotero chakudya chimachedwa kupsa. Amayi, amene aphika nyemba zaka zoposa 50, anakana kukhulupirira, nanena kuti wogulitsa uja anatipatsa nyemba zogonera. Nditapita kukaliza galimoto, inangoti kwe kwe, n'kukhala chete. Batire linali litafooka ndi chisanu.

Zonsezi zinali zoseketsa poyerekeza ndi ziwiri zimene zinatsatira. Choyamba chinali cha mwana wathu wamwamuna. Atasewera kunja nthawi yaitali, chipale chinalowa m'nsapato n'kusungunuka, ndipo pobwera anati sakuzimva zala za kumapazi. Titamuvula tinapeza zalazo zayera mbuu ndi kuuma. Mwamwayi mkazi wa wosamalira uja anali atabwera kudzatizonda. Iye anatiletsa kuyandikiza mapaziwo kumoto ndiponso kuwatikita, chifukwa khungu lochita dzanzi limapsa mwini wake osamva, ndipo kutikita kumaliwononga. Anatenthetsa madzi mpaka kufunda chabe, nawayesa ndi chigongono monga timachitira posambitsa khanda, naviikamo mapazi a mwanayo. Patapita nthawi mwana anayamba kulira kuti zikuwawa ngati minga. Mayiyo anamwetulira, nati kulira kumeneko ndiko kwabwino, pakuti magazi abwerera.

Chachiwiri chinali cha moto. Usiku wachiwiri unazizira koposa woyamba. Bambo uja anatibweretsera mbaula ya chitini chobooledwa, yodzaza ndi ndowe zouma, pakuti kumalo kopanda mitengo ndowe za ng'ombe ndi za nkhosa ndizo nkhuni. Anaikoleza panja kufikira utsi utatha, ndipo atailowetsa anatsegula zenera pang'ono. Amayi anadzuka kuti akalitseke, nati: "Mwanawe, tikutenthetsa nyumba kapena tikutenthetsa phiri?" Koma bamboyo anaimika dzanja, nalankhula mwamphamvu kudzera mwa mkazi wanga. Anati zenera likhale chomwecho, ndipo tisanagone mbaula ituluke. Moto wa makala kapena ndowe m'nyumba yotseka umatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, nagona osadzukanso. Ichi si cha ku Lesotho kokha. Ngakhale kwathu, m'miyezi ya Juni ndi Julaye, mabanja ambiri amalowetsa mbaula kuchipinda natseka zonse. Chonde, abale, mverani chenjezo la mkulu ameneyu. Usiku umenewo tinagona tonse asanu pamalo amodzi, ana pakati, titafunda mabulangete athu ndi ena awiri amene banja lija linatibwereka.

Tsiku lachitatu kunacha bwino, dzuwa likuwala pa chipale mpaka maso kuwawa. Mtima wanga unali pa amayi, amene ankapumabe movutikira, ndipo mankhwala enieni a vuto limeneli ndi kutsika. Bambo uja anachotsa batire m'galimoto, nalilowetsa m'nyumba kuti lifunde, ndipo patapita maola angapo galimoto inalira. Komabe anati tisanyamuke. Anakwera kavalo wake, mmodzi wa akavalo aafupi ndi olimba a ku Lesotho, napita kukaona msewu. Pobwera anati chipale chasungunuka pamwamba, koma m'makhonde a Moteng mosafika dzuwa muli madzi oundana ooneka ngati phula lonyowa, amene amaterera koposa matope a m'dambo. Anati tidikire mpaka mawa masana. Amayi anavomereza, nati: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono yake ndi ine."

Tsiku lodikiralo ndi limene tinaona bwino moyo wa eni dziko. Tinaitanidwa kudya kwawo, ndipo anatipatsa papa, yomwe ndi nsima yolimbirako, ndi moroho, omwe ndi masamba, komanso phala la mapira lowawasa lotchedwa motoho. Amayi ndi mayi wa pakhomopo anakhala pafupi ndi moto, akuloza zinthu ndi kuzitchula: metsi ndi madzi, nama ndi nyama, pula ndi mvula. Chapatali tinaona anyamata oweta ziweto, atavala mabulangete otuwa, nsapato za mphira ndi zipewa zobisa nkhope, akutsogolera nkhosa ndi mbuzi kumalo kumene mphepo inasesa chipale. Ubweya wa ziweto zimenezi ndiwo chuma chachikulu cha anthu a kumapiri. Chipale chikakhalitsa, udzu umakwiririka, ziweto zimafa, ndipo nthawi zina abusa omwe amatsekeredwa kutali ndi mudzi. Chimene ana athu anachilakalaka chaka chonse, anthu awa amachikonzekera chaka chonse: amaunjika ndowe, amasunga ufa ndi palafini, ndipo amawerenga mitambo monga mlimi wa kwathu amawerengera mvula yoyamba.

Tinatsika tsiku lotsatira cha m'ma 12 koloko, pa giya yotsika, osaponda mabuleki mwadzidzidzi, monga anatilangizira. Pa khonde lina tinadutsa galimoto itatsamira khoma la phiri, eni ake ataima pambali akudikira thandizo. Pofika ku Butha-Buthe amayi anali akupuma bwino ndi kufunsa tiyi. Banja lija linakana ndalama ya ndowe ndi chakudya, koma linalandira ufa, makandulo ndi palafini zimene zinatitsalira.

Patangopita miyezi yochepa, mu Seputembala 2024, chipale chochuluka chinatseka msewu waukulu wa N3 cha ku Van Reenen, pakati pa Johannesburg ndi Durban. Anthu ambirimbiri anagona m'magalimoto ndi m'mabasi usiku wonse, ndipo ena anamwalira ndi kuzizira. Abale athu ambiri ochokera ku Angónia, ku Macanga ndi ku Malawi amayenda msewu umenewu, kawirikawiri atavala zopepuka. Amene mudzayende kumeneko m'nyengo yozizira, nyamulani bulangete, madzi, chakudya ndi mankhwala anu a masiku owonjezera, sungani mapazi anu ouma, ndipo eni dera akati dikirani, dikirani.

Chinthu chimodzi ndinachidziwa bwino titabwerera. Pafupi ndi Oxbow pamadutsa mtsinje wa Malibamatso, umene umathira m'damu la Katse, lokhala ndi khoma lotalika mamita 185. Malinga ndi pangano la 1986 pakati pa maiko awiriwa, madzi a m'damuli amadutsa m'ngalande za pansi pa mapiri, natulukira pafupi ndi Clarens, nayenda mpaka ku damu la Vaal, kumene Johannesburg amatunga. Motero m'bale wanu aliyense wokhala mumzinda umenewo, akatsegula mpopi kuti aphike nsima, amatunga madzi amene ena mwa iwo anagwa ngati chipale pa msipu wa abusa aja.